Tsiku Limene a Kamtedza Anaolotsa Pijo pa Dambo

A Mathias Kamtedza ali ndi zaka 67. Ndi dalaivala wopuma ntchito wa pa parishi yathu, ndiponso mkamwini m'mudzi mwathu, kuseri kwa Mphunzi, kumalire ndi nkhalango ya Chongoni. Anakwatira mlongo wanga Magadalena mu 1958. Choncho ndi alamu anga, ndipo zambiri zimene ndilembe pano ndinaziona ndi maso.

Sukulu analekeza Sitandade 3. Atakula anapita ku Halale, kumene anagwira ntchito m'galaja zaka zisanu ndi chimodzi, poyamba kutsuka zitsulo, kenaka kumasula mainjini. Laisensi anaitengera komweko. Atabwerako, ansembe achizungu anamva kuti kuphiri kuli munthu wodziwa sipanala, ndipo mu 1961 anawalemba ntchito. Anakhalapo zaka 35. Mowa samwa. Polankhula ndi aulesi. Injini ikadwala ankaigunditsa sikuludiraiva, chogwirira chake n'kuchiika pakhutu, kenaka n'kunena pamene pali vuto. Ana anabereka asanu ndi mmodzi. Woyamba ndi Yohana. Awiri anatisiya ali aang'ono.

Pa parishi panali magalimoto awiri. Yakale inali Landirova yaitali, yobiriwira, ya 1966. Inayo inali Pijo 404 yoyera, ija ya mipando mizere itatu, imene a Kamtedza anakaitenga okha ku Blantyre mu 1969 ili yatsopano. Aliyense ankadziwa kumene kunali mtima wawo. Pijo ankaitsuka Loweruka lililonse, mpaka kunsi kwa boneti. Wokwera ankayamba wagogoda nsapato. Mu 1992, kalata ija ya maepiskopi itavuta, anayenda nayo m'matchalitchi a nthambi ataibisa pansi pa mpando wakumbuyo wa Pijo yomweyo, ndipo sanauze munthu mpaka zinthu zitasintha. Landirova ankangoisiyira mvula kuti iitsuke. Ankati inawathyola msana, imamwa petulo ngati ng'ombe ya pangolo mwezi wa Okutobala, ndipo giya yoyamba ndi yachiwiri sizilowa usanaponde kilatchi kawiri.

Koma Landirova yomweyo ndiyo inkafika kwathu nthawi ya dzinja. Pakati pa parishi ndi midzi yathu pali dambo la Kanyungu. M'chilimwe umadutsa pa njinga osatsika. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi makande okhaokha, ndipo ngolo zimasiyamo ngalande ziwiri zofika m'mawondo.

Mlongo wanga ali ndi mphumu. Imamugwira nthawi ya mvula, kukachita nkhungu ndi kuzizira. Sichenjeza. Imafika poti milomo imada, mawu osatuluka, ndipo chimene chimathandiza ndi jakisoni wa pa chipatala cha mishoni. Katatu konse Landirova inamutsitsa ali choncho. Pa machira ndi ulendo wa maola anayi. Ine ndanyamulapo odwala pa machira njira imeneyo. Awiri anatsirizikira m'njira, tinabwerera nawo.

Mu 1995 ansembe achizungu otsiriza anabwerera kwawo. Parishi inatsala m'manja mwa Bambo Vinsenti, wansembe wachinyamata wokulira ku Lilongwe. Kwacha inali itagwa, petulo atakwera, matayala osagulika. Bambo anauza khonsolo ya parishi kuti magalimoto awiri sitingawathe. Imodzi igulitsidwe. Wogula analipo kale, munthu wa geni ya kachewere wa pa Chimbiya.

Masiku amenewo chilichonse tinkavotera. Chiyambire referendamu, ngakhale tsiku lolambula kumanda linkafuna kukweza manja. Bambo anati khonsolo isankhe yokha. Tinalimo anthu khumi ndi awiri, ine ndikuimira midzi ya kuphiri. Wapampando anali a Ignasio Mtambalika, ahedi a sukulu ya pa mishoni. Ndi munthu wophunzira ndi wachilungamo, koma nyumba yawo ili m'mbali mwa msewu wa miyala, ndipo dambo la Kanyungu ankalidziwa mwezi wa Ogasiti.

Ahedi anafukula timabuku ta magalimoto onse awiri m'kabati ya ansembe. Tsiku la msonkhano anagawa bolodi pakati ndi choko, naitanitsa a Kamtedza kuti akhale mboni.

"Injini ya Pijo ndi 1600," anatero ahedi. "Ya Landirova ndi 2300 kutsala pang'ono. Masilinda ndi anayi konsekonse. Koma taonani apa. Mphamvu zake n'zofanana, akavalo 70 ndi kanthu. Ndiye injini yaikuluyo ikudyeranji? A Kamtedza, galoni imodzi Pijo imayenda mamailosi angati?"

"Oyandikira 28."

"Landirova?"

"17. Ikakwiya 15."

"Liwiro?"

"Pijo ndinaifikitsapo 80 pa tala. Landirova ikafika 55 zitseko zimayamba kuimba."

Anthu anaseka. Ahedi analemba zonse.

"Kulemera?"

"Landirova imaposa ndi theka la tani."

"Dzimbiri?"

"Pijo yayamba m'munsi mwa zitseko. Landirova thupi lake siligwira dzimbiri."

"Chimenecho tiipatse," anatero ahedi, nalemba kumbali ya Landirova. Chinali chokhachokha kumbali imeneyo. "Nanga inuyo mukuti tisunge iti?"

"Landirova."

"Inu? Mumaitukwana tsiku ndi tsiku!"

"Ndimaitukwana. Tisunge imeneyo."

"Chifukwa?"

"Akavalo anuwo ine sindinawaonepo m'injini. Tiyeni panja."

Tinatuluka. Anatola njerwa pa mulu wa kuseri kwa holo. Pansi pa Pijo, pamene chitsulo chimatsikitsitsa pakati pa matayala akumbuyo, zinalowa njerwa ziwiri zosanjikiza. Pansi pa Landirova zinalowa zitatu, n'kutsala malo a chala.

"Ndi zimenezo," anatero. "Komanso Pijo imakankha ndi matayala akumbuyo okha. Iyi imakoka ndi onse anayi, ndipo ili ndi magiya ena aang'ono a m'matope."

"Njerwa imodzi yokhayo tiziimwetsera petulo yense uja?" anafunsa ahedi.

A Kamtedza anapukuta m'manja. Za akazi awo sanatchule. Ine ndinatchula, koma mawu a munthu wonena za mlongo wake salemera mu khonsolo.

Ahedi anafuna kuyesa pa msewu kuti pasakhale wodandaula. Unali mwezi wa Okutobala. Tinapita pa Chimbiya, ndipo a Kamtedza anayendetsa iliyonse kuchoka pamenepo mpaka pa boma, ahedi atagwira wotchi. Pijo inakwera zitunda ngati ikutsetsereka. Landirova inachedwa ndi mphindi khumi, ndipo a Esitere, oimira amayi mu khonsolo, anatsika akugwira m'chiuno. Tinavota. Asanu ndi anayi anafuna Pijo, atatu Landirova. Zifukwa zina sizinalembedwe pa bolodi. Pijo ndiyo inkanyamula akwati. Landirova inkanyamula maliro. Wogula anati Landirova adzaitenga kumapeto kwa Januwale, ndipo anachoka akumwetulira. Palibe anadzifunsa chimene chinakondweretsa munthu wotola kachewere m'minda ya kuphiri.

Panali chinthu china chimene khonsolo sinkadziwa. A Kamtedza maso anali kutha. Ng'ala inayamba mu 1994. Ine ndinazindikira tsiku limene anandidutsa pa njira, masana, osandipatsa moni, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire kwathu. Mlongo wanga ankadziwa. Pa parishi ankati magetsi a magalimoto onse awiri ndi ofooka, ndiye dzuwa likapendeka sankayenda. Misewu yonse ankaidziwa pamtima, choncho palibe anaona kanthu. Ankaopa kuti akanena ntchito ithera pomwepo. Ine ndinakhala chete. Ndinalakwa nawo.

Mvula inabwera bwino chaka chimenecho. Pakati pa Januwale 1996 inagwa masiku atatu osakata. A Kamtedza anapita kwa Bambo ndi kwa ahedi ndi pempho limodzi: Lamulungu likubweralo Misa inali ku tchalitchi chathu cha kuphiri, ndiye khonsolo yonse ipite nawo pa magalimoto onse awiri, ikaone galimoto imene yasankha ili pa ntchito. Ahedi anavomera. Ndanena kale kuti ndi munthu wachilungamo.

Loweruka m'mawa ndinali pakhonde pa mlongo wanga ndikusema mpini wa khasu. A Kamtedza anali kuvala nsapato kuti titsikire limodzi ku parishi.

"Mayi a Yohana," anatero, "mawa ndikaititimiza."

"Chiyani?"

"Pijo. Ndikangolowetsa tayala mu ngalande ya ngolo, basi. Aone okha."

Mlongo wanga anaseka. "Achimwene, mwamva? Akuti akaititimiza. Munthu amene sanaikandepo ndi kamtengo komwe!"

"Ndamva," ndinatero. "Ndikaona."

"Tsono mukanamize anthu Lamulungu, wansembe ali pambali panu?"

"Si bodza. Dalaivala aliyense angatitimire pamenepo."

"Inu si aliyense, bambo a Yohana. Vuto lanu ndi limenelo."

Lamulungu tinanyamuka itangokwana seveni. Pijo inali patsogolo. Bambo ndi ahedi anakhala kutsogolo ndi dalaivala, ife ena kumbuyo. Landirova inkatsatira ndi otsala, ndipo woyendetsa anali Sisitere Veronika, namwino wa pa chipatala cha mishoni. Laisensi yawo inali ya miyezi isanu ndi itatu.

Titafika pa dambo a Kamtedza anaima, napita kaye kwa Sisitere. Mu Landirova muli timitengo tiwiri pambali pa giya, kena ka mutu wachikasu, kena ka mutu wofiira. Chikasu unali mtundu wa chipani cholamula, ndipo kwathu kuno anthu sanachivotere.

"Sisitere," anakuwa ahedi pa windo, "mukakhudza chachikasucho kuno kuphiri akugendani!"

"Chachikasucho chisiyeni," anatero a Kamtedza. "Kokerani chofiiracho kumbuyo. Giya yachiwiri. Musathamange, musaime. Mungotsata ngalande."

Atabwerera ku Pijo, ndinawaona akugwada pa tayala lakumbuyo. Anatulutsa kamtengo ka machesi nayamba kuphwetsa mpweya pang'ono. Ndinatsika.

"Alamu, mukuchita chiyani?"

"Chizolowezi."

Anaphwetsanso linalo. Kenaka anapempha a Esitere ndi mkulu wina wonenepa kuti asamukire ku mzere wotsiriza, pamwamba pa matayala.

"Alamu," ndinanong'ona, "munthu wofuna kutitimira sachita zimenezi."

Anangokwera n'kuliza injini.

Analowa m'dambo ndi giya yachiwiri. Matayala akumanzere anawaika pa msana wa pakati pa ngalande ziwiri zija, akumanja pa udzu. Analunjika pa mkuyu wa kutsidya. Ngalande inali pomwepo, utali wa chikhatho kuchoka pa tayala. Ndinadikira kuti apotoze. Sanapotoze. Pakati pa dambo anakhotera ku chulu, kumene kumaoneka koipitsitsa, ndipo tinamva matayala akuluma cholimba pansi pa matope. Kumbuyo kwa galimoto kunaterereka, a Esitere anaitana Mayi Maria, dalaivala anabweza chiwongolero ndi dzanja limodzi. Matope anaphimba galasi lonse.

"Mawaipa, a Kamtedza!" anakuwa Bambo.

Sanawayatse. Phazi silinasunthe pa mafuta. Tinangomva galimoto ikukwera pouma, n'kuima pansi pa mkuyu.

Ahedi anawomba m'manja. Ena anaimba nthungululu. Ine ndinayang'ana nkhope ya alamu anga. Inali ya munthu amene watentha nkhokwe yake posaka mbewa.

Sisitere anabwera pambuyo pathu pang'onopang'ono, m'kati mwenimweni mwa ngalande, injini ikubuula, matope akufika m'zitsulo za pansi. Anaoloka osaima.

"Zonse ziwiri zaoloka," anatero ahedi. "Ina yaoloka mwaulemu, yamwanso pang'ono. Nkhani yatha, a Kamtedza. Mwatithandiza."

Misa itatha, mlongo wanga anatipeza pa bwalo la tchalitchi. Anayang'ana Pijo, anayang'ana amuna ake.

"Mwaititimiza, bambo a Yohana?"

"Manja anakana."

"Ndinanena ine." Anatsokomola, nakonza mpango. "Chabwino. Achimwene, mukaone ngati machira aja akadali olimba."

Sananene mokwiya. Anapita kukathandiza amayi anzake kugawa chakudya cha alendo.

A Kamtedza sanadye. Anakhala pa bampala ya Pijo mpaka anthu atasamba m'manja. Nthawi yobwerera itakwana, khonsolo itasonkhana pa magalimoto, anaimirira napereka kiyi kwa Bambo.

"Ndili ndi mawu. Ahedi, taimani apo pa mtengo wa pichesi. Mukweze zala."

"Zala za chiyaninso?"

"Ingokwezani."

Panali mapazi khumi. Ahedi anakweza zala zitatu.

"Ndikuona kuti paima munthu," anatero a Kamtedza. "Zala sindikuziona. Nkhope sindikuiona. Chino ndi chaka chachiwiri."

Bambo ndiwo anayamba.

"Nanga mwatiolotsa bwanji?"

"Dambolo ndimalidziwa pamtima. Miyala ili pansi pa matope pafupi ndi chulu tinaika ndife mu 1978, ine ndi anthu a mudzi uno. Sinaoloke Pijo, Bambo. Ndaoloka ine."

Ahedi anabwera pafupi. Anali atakwiya zenizeni.

"Mwakhala mukutinyamula osaona?"

"Eya."

"Ana a kwaya aja munapita nawo ku Bembeke mu Juni?"

"Eya. Ndinalakwa."

"Mkulu ngati inu! Mukanapha ana a eni!"

"Ndikanapha. N'chifukwa chake kiyi ili kwa Bambo. Ine ntchito yatha lero. Otsala ndi Bambo ndi Sisitere. Ndiye galimoto muiyese ndi anthu amene aziyendetsa."

"Ndipo inu, a Nkhoma," ahedi anatembenukira kwa ine, "mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Kuphiri kuno muli ndi mitima."

Pobwerera, Pijo anayendetsa ndi Bambo.

Bambo Vinsenti anayendetsapo galimoto zaka zisanu ku Lilongwe, ndipo sanagundepo kanthu. Titafika pa dambo, a Kamtedza sanawabisire chilichonse. Anawauza za msana wa pakati, za chulu, za miyala, za giya yachiwiri. Anakhazikanso onenepa kumbuyo. Anati chachikulu n'kusaponda buleki, zivute zitani. Iwo anatsala pa mtunda ndi Landirova.

Bambo anayamba bwino. Tisanafike pa chulu, kumbuyo kunaterereka monga m'mawa muja. Phazi lawo linapita lokha pa buleki. Tayala lakumanzere linagwera mu ngalande, galimoto inakhala pansi ndi mimba. Anaponda mafuta. Matayala anazungulira n'kumwaza matope, galimoto osasuntha. Tinatsika ndi nsapato zathu za Lamulungu. Amuna asanu tinakankha mpaka misana kuwawa. Inangolowerabe.

Sisitere analowa ndi Landirova. A Kamtedza anagona m'matope, namanga tcheni mopapasa. Sisitere anabwerera chafutambuyo, Pijo inatuluka ngati dzino, n'kubwerera pamene inayambira.

"Bambo anachita mantha," anatero ahedi. "Pepani Bambo, koma ndi zoona. Galimotoyi yaoloka m'mawa tonse tikuona. Bweretsani kiyi. Laisensi yanga ndi ya 1974."

"Ahedi, musathamange," anatero a Kamtedza.

"Inu mwapuma ntchito."

Panalibe wofuna kukwera nawo. Anapita okha. Anabwerera m'mbuyo kuti atenge liwiro, nalowa m'dambo ngati akuthawa njuchi. Anapitirira pamene Bambo anatitimira, zimenezo tiwapatse. Chulu anachiphonya. Galimoto inazungulira n'kuima chopingasa m'chithaphwi, madzi analowa m'injini, inazima. Chitseko chinakana kutseguka. Ahedi anatulukira pa windo, natera m'matope ofika m'mawondo, ndipo nsapato imodzi inatsala momwemo. Ilimo mpaka lero.

"Ahedi!" anakuwa a Esitere. "Akavalo 70 aja apita kuti?"

"Akumwa madzi, mayi!" anayankha ahedi.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ngakhale Bambo anabisa nkhope m'chipewa.

Ulendo uno Sisitere anakweza amayi onse mu Landirova, nazungulira kutsogolo kwa Pijo, naikoka mpaka kutsidya la ku parishi. Sanasinthe giya. Atafika pouma anatsika.

"Ine sindinachite kanthu," anatero. "Ndangogwira chiwongolero."

"N'zimene ndimanena," anatero a Kamtedza.

Anatsegula boneti ya Pijo, napukuta mapulagi ndi mawaya ndi kansalu ka m'thumba, osayang'ana n'komwe. Inalira kachiwiri kupotoza kiyi. Anatseka boneti mosamala monga mwa nthawi zonse.

Ahedi anaima pa udzu ndi nsapato imodzi.

"Khonsolo yonse ili pano," anatero. "Tivotenso pompano, matopewa asanaume, poti akauma tidzaiwala. Ofuna Landirova?"

Anayamba okha kukweza dzanja. Manja anakwana khumi ndi limodzi. Wotsalayo anali mkulu wonenepa uja, amene mwana wake wamkazi anali ndi ukwati mu Ogasiti.

"Koma a Kamtedza," anatero ahedi, "za maso zija sindinakhululuke."

"Musafulumire," anayankha iwo.

Magalimoto anapita ku parishi, Bambo pa Pijo, Sisitere pa Landirova. Ine ndi alamu anga tinaolokanso dambo wapansi, nsapato zili m'manja. Pa chulu anaima napondaponda miyala yawo.

"Alamu, mwataya ntchito," ndinatero.

"Ndatula katundu. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyendetsa mtima uli m'mwamba. Chilichonse choyera m'mbali mwa msewu ndimati ndi mwana."

"Nanga Pijo?"

"Ndi galimoto yabwino. Kuposa inzakeyo pa zonse, kupatula kuno."

Titafika kumudzi mlongo wanga anali pakhonde akusankha nyemba. Anationa matope mpaka m'khosi.

"Nanga tsopano mwachita chiyani?"

"Yatitimira," anatero amuna ake. "Kawiri. Osati ndi ine."

"Ndiye?"

"Landirova ikhala. Za maso ndawauza."

Mlongo wanga anaika lichero pansi. Anapuma kamodzi, mozama, mpweya n'kulowa wonse.

"Kasambeni," anatero. "Mundidetsera khonde."

Anasamba, anadya, anagona pa mphasa dzuwa likadali pamwamba. Nkhuku zinkadutsa pa miyendo yawo osamva.

Wogula uja ananyinyirika sabata yathunthu, kenaka anatenga Pijo. A Kamtedza anamutumizira mawu a nthawi yosinthira oilo ndi mpweya woyenera m'matayala. Tsiku loitenga sanapite ku parishi. Anali ku munda akubandira chimanga.

Pa 20 Febuluwale chaka chomwecho mphumu inamugwira mlongo wanga m'mawa, nkhungu ili thoo. Mwamuna wina wa m'mudzi anathamangira ku parishi. Sisitere anafika, anamubaya jakisoni m'galimoto momwemo, natsika naye. Anagona m'chipatala masiku anayi, nabwerako. Zinachitikanso mu Januwale 1998, ndipo ulendo umenewo anayendetsa ndi Bambo.

Diso lakumanzere la a Kamtedza analichita opaleshoni ku chipatala cha Nkhoma mu Ogasiti 1996. Amene anawaperekeza ndi ahedi. Limaona bwino tsopano, koma lakumanja likudikirabe. Laisensi sanaikonzetsenso. Loweruka lina ndi lina amatsikira ku parishi kukamvetsera injini ya Landirova, ndipo amaitukwanabe.

Landirova ikadali pa parishi, ikuyenda. Pijo imanyamula kachewere ndi kabichi pakati pa Chimbiya ndi Lilongwe, mipando yakumbuyo anaichotsa. Magadalena ali ndi zaka 61, ndipo chaka chino walima yekha dimba la anyezi.